Fabiano ndi singano yonola pamwala

Ana a masiku ano amamudziwa Fabiano ngati bambo wa dzanja limodzi amene amanola mipeni ndi zikwanje pansi pa mtengo wa mapeyala kumsika kwa Chimaliro. Ine ndinamudziwa ali ndi manja onse awiri, ndipo manjawo anali otchuka pa esiteti yonse ya tiyi.

Ndinatha zaka zanga ndikuphikira antchito tiyi wamasana. Ndinkawiritsa tiyi mumgolo, kuukweza pa thirakitala, n'kukagawira anthu kumunda komwe akugwira ntchito tsikulo. Zambiri za nkhaniyi ndinaziona ndi maso anga, zina anandiuza mwini wake patapita nthawi.

Fabiano anabadwira kumalayini, nyumba zing'onozing'ono za kampani zondondozana kuseri kwa fakitale. Agogo ake anachokera ku Mozambiki wapansi, atasenza mphasa ndi mbewu ya kalongonda, ndipo Chilomwe sichinachoke palilime la banjalo. Ali wamng'ono ankatsatira mayi ake m'mizere ya tiyi, mutu wokha ukuoneka pamwamba pa masamba ngati dzungu loyandama. Ankabwera pamgolo wanga ndi chitini cha dzimbiri n'kunena kuti amutuma ndi amayi ake, koma tonse tinkadziwa kuti tiyiyo sakafika. Anali mwana woseka ndi thupi lonse.

Atakula sanalowe gulu lothyola masamba. Analowa gulu lodulira. Tiyi mukamusiya amakula n'kukhala mtengo, ndiye nyengo yozizira, chiperoni chitafunda mapiri, amuna amphamvu amadula nthambi zonse ndi mpeni wokhota, chitsamba chilichonse n'kutsala cholekeza m'mabondo, chosalala pamwamba ngati tebulo. Ndi ntchito yodya phewa ndi msana. Fabiano ankadula kamodzi pomwe ena amatema kawiri, ndipo akapitawo ankabweretsa olembedwa kumene kuti adzaonere mzere wake.

Odulira ali ndi malamulo awo amene sanalembedwe paliponse. Mwala wonolera umakhala umodzi pagulu. Chida chikabuntha satayapo, amanola. Ndipo munthu akabweretsa chinthu cholowa m'thupi, kaya thobwa, kaya kachasu, kaya fodya, amayamba yekha kulawa anzake akuona, kuti adziwe kuti mulibe chiphe. Ndi mwambo wa makolo athu pamowa, odulira anangoutengera kumunda. Wobweretsa akakana kuyamba, ndiye kuti pali chimene akudziwa.

Anakwatira Teleza wa kwa Nsabwe, amene anamuona koyamba iye akuvina tchopa, maseche ali wayawaya m'miyendo. Anabereka mwana wamkazi, Joy. Ndimawakumbukira Lamulungu masana akuchokera kutchalitchi, mwana ali paphewa pa bambo ake, atagwira makutu awo ngati zogwirira njinga.

Phewa lomwelo ndi limene linamuyambitsira mavuto. Sizoni ina anawapatsa munda wa tiyi wakalekale, wa nthambi zouma ngati chitsulo. Mpeni unakakamira munthambi, iye anaukoka mwamphamvu, phewa linaguluka. Kukachipatala ka pa esiteti analibwezera, anamupatsa mapilitsi n'kumuuza kuti apume. Koma nyumba ya kumalayini ndi ya munthu amene akugwira ntchito. Ukakhalitsa pansi, makiyi amapita kwa wina. Fabiano anabwerera kumunda phewa lisanapole, ndipo madzulo ankalephera ndi kuvula malaya komwe.

Panali munthu wina dzina lake Douglas, amene kale ankasesa pachipatala china m'tauni. Anthu anayamba kumutchula adokotala momuseka, kenaka anazolowera. Iyeyu ankayenda ndi timabotolo ta mankhwala opha ululu otuluka pakhomo lakuseri. Anamubaya Fabiano m'nkhalango ya bulugamu, ndipo tsikulo Fabiano anamaliza mzere wake dzuwa lisanafike paliwombo. Anzake awiri apagulu, Dickson ndi Justice, anaona n'kufunsa. Nawonso mapewa awo anali akulira.

Timabotolo tija titayamba kusowa, Douglas anabweretsa ufa wotuwa wochokera ku Limbe. Apa tsopano sankabayanso chifukwa cha phewa. Ankabaya chifukwa m'mawa ukacha opanda mankhwala, thupi linkanjenjemera, mamina ali chuchuchu, m'mimba mukupota, mafupa akumveka ngati alowa nyerere. Iwo ankati chibaba, ngati cha fodya, koma chibaba cha fodya sichigwetsa mwamuna wamkulu m'ngalande.

Douglas anasamukira ku Luchenza, ndipo amene ankakatenga ufawo panjinga anali Fabiano. Choncho pobaya ankayamba ndi iye, kenaka Dickson, kenaka Justice. Jakisoni anali mmodzi. Kukagula wina kunkafuna kuyankha mafunso, ndipo munthu wopezeka naye m'thumba alonda ankamukunkhuniza ndi zibonga asanamupereke kupolisi. Singano itabuntha, Dickson anachita zomwe wodulira aliyense akanachita: analavulira malovu pamwala wonolera mipeni n'kuinola. Ndinamuona ine, atanyonyomala, lilime lili pakona pa mlomo, akuinola mosamala ngati chida chaulemu.

Mwana woseka uja anatha pang'onopang'ono. Wailesi inachoka m'nyumba, kenaka mapoto, kenaka nsapato za Joy. Tsiku lina m'mawa Teleza anapeza jakisoni uja patsindwi n'kukamuponya m'chimbudzi. Fabiano atamva anamugwira tsitsi n'kumuombetsa nkhope pachitseko, kawiri, katatu, mpaka dzino linagwera pakhonde. Anamugwetsa n'kuyamba kumuponda m'nthiti, mwana akukuwa, akukoka buluku la bambo ake. Amayi a kumalayini anathamangira, mmodzi anamukong'ontha ndi munsi pamsana, ndiye anasiya. Teleza anatola dzino lake, analimanga pansonga ya chitenje, anabereka mwana n'kuyamba ulendo wa kwa Nsabwe osatembenuka.

Sipanapite nthawi, Fabiano anagwidwa kwa Kapichi atasenza mkoko wa nthochi za eni. Anamumanga manja kumbuyo ndi luzi. Anamumenya ndi mipini ya makasu, njerwa, chilichonse chomwe dzanja linapeza, mpaka diso limodzi linatsekeka. Wina anagubuduza tayala, wina anathamangira petulo kwa akabaza. Anamupulumutsa ndi mwini nthochizo, mayi wachikulire, amene anaima pakati n'kunena kuti: "Nthochi ndi zanga, ndipo sindikufuna mtembo m'munda mwanga. Mukamuotcha mukalima ndinu pamenepa?"

Mabala amenewo, pamodzi ndi chithupsa chachikulu chomwe chinatupa pamkono pomwe ankabaya, ndi zomwe zinamufikitsa kuchipatala cha mishoni. Kumeneko anakumana ndi namwino wina, mayi Marita. Anamutumbula chithupsacho, mafinya anadzadza mbale, ndipo ataona timabala tondondozana pamtsempha sanafunse kuti ndi chiyani. Anangomupempha kuti ayezetse magazi.

"Bambo a Joy," anatero atabwera ndi zotsatira, "kachilombo kapezeka. Mankhwala alipo, mukhala ndi moyo mukamamwa. Koma singano ija mumabaya ndi angati?"

"Ndekha, mayi."

"Musandinamize ine, ndinabadwira kumalayini komweko. Magazi amatsalira m'kati mwa singano ngakhale mutsuke. Aliyense wobaya pambuyo panu mukumupatsira, ndipo mwina inunso anakupatsirani ndi mmodzi wa iwo."

Fabiano sanawauze anzake. Anandiuza pambuyo pake kuti ankaopa mpeni wa Dickson, munthu amene anathyolapo nsagwada za mlonda chifukwa cha ndudu. Ankadzitonthoza kuti kwa awiriwo madzi anatayika kale. Mapilitsi a kuchipatala ankawabisa m'nsapato yakale, ndipo kumunda ankayambabe ndi iye monga mwa masiku onse.

Kenaka kunabwera Crispin, mlongo wake wa Teleza, mwamuna wa ana awiri amene munda wake wa chinangwa sunkamudyetsanso. Anafika kumalayini ndi chibonga m'manja kuti adzabwezere dzino la mlongo wake. Anapeza Fabiano ali gone pasimenti, mabandeji akuda, m'nyumba mulibe ngakhale supuni. Kenaka anatsamiritsa chibonga pakhoma n'kukabwereka poto kwa oyandikana nawo.

"Alamu, kukumenyani pano kungakhale kumenya mtembo," anatero akutakasa phala. "Muyambe mwanenepa kaye, nkhani yathu ilipobe."

Sizoni yodulira itayamba, Crispin analembedwa ntchito n'kulowa gulu lomwelo, akugona kwa alamu akewo. Fabiano anamuphunzitsa kugwira mpeni ndi kuunola. Koma thupi la mlimi wa chinangwa silidziwa tiyi. Posakhalitsa zikhatho za Crispin zinang'ambika ming'alu yotuluka magazi, phewa linatupa, mzere wake unkatsalira, ndipo kapitawo anayamba kumuyang'ana ndi diso lochotsa munthu ntchito.

Dickson ndiye anamunong'oneza. "Ukuvutikiranji, aise? Alamu akowo ali ndi mankhwala. Akukumana dala."

Crispin anafunsa. Fabiano anakana, anamuonetsa mikono yake yodzadza zipsera, anamukumbutsa za dzino la Teleza.

"Ine ndi kamodzi kokha, alamu, phewali lingotsika."

"Nanenso ndinkati kamodzi."

"Inu ndi inu. Mukakana ndikapempha a Dickson, andiuza kuti mawa andigawira."

Fabiano anaona kuti sangamuletse. Chomwe akanatha ndi chimodzi: kuti singano yolowa mwa Crispin isakhale italowapo mwa wina aliyense wa atatuwo. Popita ku Luchenza kukatenga ufa, analowa m'sitolo ya mankhwala a ziweto n'kunama kuti akufuna jakisoni wobayira nkhumba. Anabwera naye ali m'pepala lake losatsegula.

Tsiku lotsatira kunali chiperoni, kamvula kowaza, nkhungu ikukwawa m'mizere. Ndinali nditatsitsa mgolo m'mphepete mwa munda, pafupi ndi bulugamu, ndipo anthu ambiri anali atamwa kale n'kubwerera kuntchito. Anayiwo analowa pang'ono m'mitengo, posatalikira, moti mawu awo ndinkawamva. Dickson anali akunjenjemera, akupukuta mamina ndi mkono wa malaya.

"Eee, lero kwagwanji? Watsopano!" anatero ataona pepala lija. "Abwana a Fabiano alemera. Fulumira, ndikufa ine."

Fabiano anakonza zonse, kenaka anatambasula dzanja kwa mlamu wake. "Lero ayambe Crispin."

Justice anaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala.

"Ayambe ndani?" anafunsa Dickson.

"Crispin. Ndi mlendo, tiyeni timulemekeze."

"Wabweretsa ndani?"

"Ine."

"Ndiye uyambe. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe chavuta. Ndangoti lero ayambe iye, ine ndimalizira."

Dickson anamuyang'ana, anayang'ana Crispin, kenaka anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene waona njoka muudzu. "Ohoo. Ndamva tsopano. Mlongo wake anakuthawa, abale ake anakuchititsa manyazi, lero wabwera ndi jakisoni wapadera, ufa wapadera, n'kumati ayambe mlamu. Wathiramo chiyani, Fabiano? Mankhwala a makoswe?"

"Dickson, usapenge."

Crispin anabweza mkono wake womwe anali atapinda kale malaya. "Alamu, n'zoona? Phala lija ndinkakuphikirani ine?"

"Crispin, ndikulumbira pa Joy..."

"Usatchule mwana!" anakuwa Dickson. "Justice, mugwire."

Anamugwetsa chagada pamasamba onyowa. Justice anamukhalira pamiyendo. Dickson anamuponda pachifuwa ndi bondo n'kumuika mpeni wodulira pakhosi, nsonga yokhotayo itakola pansi pa chibwano mpaka magazi anayamba kutsika m'kolala. Ine ndinakuwa kuti amusiye, koma mawu a nkhalamba yophika tiyi ndani akanawamva. Ndinauza woyendetsa thirakitala kuti athamange akaitane kapitawo.

"Crispin, tambasula mkono wakewo," anatero Dickson. Ndipo Crispin, akulira ndi ukali, anaugwira.

Anamubaya. Singano yatsopano ija inalowa mumtsempha wa Fabiano, magazi ake anabwerera m'kati ofiira, ndipo ine ndinaona Fabiano akutseka maso ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro. Anamusiya n'kuima momuzungulira, akudikira kuti aone ngati achite thovu kukamwa. Sanachite. Anangofooka monga mwa nthawi zonse, mutu ukugwera pachifuwa.

Dickson anaseka, akupukuta thukuta. "Ndiye unkavutiranji, galu iwe? Crispin, pepa aise, takuopseza chabe. Bwera, ubaye ndiwe wachiwiri. Si ankafuna tikulemekeze?"

Anadzadzanso jakisoni uja. Crispin anakhala pachitsa n'kutambasula mkono.

Sindidziwa kumene Fabiano anatenga mphamvu, munthu amene mankhwala anali atamumanga kale miyendo. Anadzuka chokwawa n'kudziponya pakati pawo. Anatsomphola jakisoniyo m'manja mwa Dickson, anamukhomera pamwala wonolera womwe unali pansi, singano inathyoka, pulasitiki inasweka m'chikhatho mwake. Ndi phazi anakankha kachitsekerero ka botolo momwe munali mankhwala otsala, onse anamwerera m'dothi.

Dickson anabangula ngati ng'ombe yolasidwa. Anatola mpeni uja pansi, ndipo dzanja la wodulira silifunsa mutu. Anadula kamodzi, mmene amadulira nthambi. Fabiano anatchinga nkhope ndi mkono wamanja, mpeni unalowa pamfundo ya dzanja n'kupitirira fupa. Dzanjalo linalendewera pachikopa. Magazi anathovoka mpaka pamakungwa a bulugamu.

Crispin anathamanga kuti akagwire balalo ndi manja ake aja ong'ambikang'ambika. Fabiano anamuponda pamimba ndi mwendo mpaka anagwa chagada.

"Usandigwire! Usakhudze magazi anga, Crispin! Ndili ndi kachilombo ine!"

Anakuwa mokweza moti amayi amene ankapalira kutsidya kwa msewu anaweramuka. Mawu amene anawabisa m'nsapato miyezi yonse ija anamveka munda wonse.

Justice anakhala pansi pomwepo, akuyang'ana mikono yake. Dickson anaima kanthawi mpeni ukudontha. Kenaka anamvetsa. Anayamba kumuponda Fabiano kumaso, m'nthiti, pamimba, akutukwana mayi ake ndi agogo ake, akuti wandipha, wandipha, mfiti iwe. Anasiya atamva mluzu wa kapitawo, n'kuthawira m'nkhalango.

Ine ndinavula lamba wanga. Pa thirakitala panali mapepala apulasitiki omwe munali shuga, ndipo Crispin anawavala m'manja ngati magolovesi, poti Fabiano, ngakhale maso anali akutembenuzika, ankangobwereza kuti mapepala, mapepala. Tinamanga mkonowo pamwamba pa chigongono n'kumukweza pambali pa mgolo wa tiyi. Njira yonse Crispin anamuika mutu pamiyendo, akumuitana kuti alamu, alamu, musagone.

Dzanjalo madokotala analephera kulilumikiza. Fabiano anakhala m'chipatala nthawi yaitali, ndipo masiku oyamba chibaba chinamuzunza kuposa bala, moti ankaluma bulangete n'kupempha kuti angomupha. Atatuluka anapeza makiyi a nyumba ali ndi wina. Kutchalitchi benchi yomwe ankakhala inkatsala yopanda anthu mbali zonse. Sindinganene kuti singano anaisiya tsiku lomwelo. Anayambiranso kubaya, mayi Marita anamulandiranso ndi chithupsa china, osamunyoza, mpaka pomwe anasiyadi.

Dickson akuti anawoloka malire, ndipo sitinamvenso za iye. Justice anakana kukayezetsa, ankati bola osadziwa. Tinamuika m'manda mvula yachiwiri isanathe. Amene anayamba kudwala pa atatuwo palibe akudziwa, ndipo mayi Marita anati palibenso angadziwe. Za magazi a Teleza ndi zake, sindizinena pano. Sanabwerere kubanja, ndipo palibe anamuuza kuti abwerere.

Crispin anakayezetsa sabata yomweyo, n'kukayezetsanso patapita miyezi monga anamuuzira. Magazi ake anapezeka abwino. Phewa lake linapola lokha atapempha kuti amusinthire kugulu lopalira, ndipo sizoni yotsatira anabwerera kodulira ali wolimba. Mumkono mwake simunalowepo singano ina koma ya kuchipatala.

Ndi iyeyo amene anatola gudumu la njinga yakutha n'kumupangira Fabiano makina onolera opalasa ndi phazi. Mukapita kumsika kwa Chimaliro mudzamupeza, mpeni ataugwira ndi dzanja lamanzere, chitsa cha mkono wamanja chikuupanikiza pamwala, moto uli thethethe. Tsitsi lachita imvi msanga, ndipo kuseka kuja kunabwerera theka lokha.

Chiperoni chikayamba, Crispin amabwera ndi mpeni wake wodulira ataukulunga m'chiguduli. Ndinawapeza tsiku lina ndikupita kukagula fodya wanga wamphuno.

"Alamu, nkhani ya dzino ija ilipobe," anatero Crispin akumupatsa mpeniwo. "Kungoti simukunenepa."

"Ubwere chaka chamawa," anayankha Fabiano, n'kuyamba kupalasa.